Kufunsa chikope: kuyeza ndi magetsi nthawi imene munthu wamwalira

Amene anaphapo mbuzi ya pa Khirisimasi akudziwa chinthu ichi. Mwaisenda, mwaipachika pamtengo, mutu uli poteropo m'beseni, koma mukayang'anitsitsa pantchafu mukuona nyama ikunjenjemera yokha ngati m'kati muli kachilombo. Mlamba ndiye umaposa: mwaudula zidutswa, mwathira mchere, chidutswa n'kugwedezeka m'mbale. Ana amathawa, akuluakulu n'kumati sunafetsetse. Unafa kale ndithu. Chimene sichinafe ndi minofu yake, ndipo thupi la munthu silisiyana ndi zimenezi. Mtima ukaima ubongo umawonongeka m'mphindi zochepa, koma minofu imatsala ndi kamoyo kake kwa maola angapo, kamoyoko n'kumazilala pang'onopang'ono. Madokotala opima mitembo pa milandu, makamaka a ku Germany, anaphunzira kuyeza kuzilala kumeneku ndi magetsi ochepa.

Nthawi ndi imene imamanga kapena kumasula munthu kukhoti. Mtembo wapezeka m'nyumba m'mamawa. Amene akumuganizira akuti kuyambira 7 koloko mpaka 10 koloko usiku ankaonera mpira pakanema, ndipo anthu khumi anamuona. Ngati malemu anamwalira cha m'ma 8, mwina munthuyu alibe mlandu. Ngati anamwalira pakati pa usiku, umboni wa anthu khumi aja wapita m'madzi. Ndiye dokotala akangofika, wapolisi amafunsa funso lomwe lija: "Adokotala, amwalira nthawi yanji?" Dokotala woona mtima satchula ola. Amatchula malire, kuti sizinachitike isanakwane nthawi yakuti, komanso sizinachitike itadutsa nthawi yakuti. Ntchito ya magetsi ndi kupanikiza malire awiriwa kuti ayandikane.

Malangizo awa ndi a ophunzira zachipatala, apolisi ofufuza milandu, maloya amene adzakumane ndi lipoti lotere, ndi aliyense amene akufuna kumvetsa. Kuyeza kwenikweniko amachita ndi dokotala amene lamulo lamupatsa mphamvu pa mtembowo, osati wina aliyense.

Kamoyo kotsala m'minofu

Kuti mnofu ukokane umafuna mafuta ake, omwe akatswiri amawatcha ATP. Munthu ali moyo, magazi amabweretsa okosijeni ndipo ATP amapangidwa mosalekeza. Magazi akasiya kuyenda, mnofu umayamba kudya za m'nkhokwe. Umayamba ndi creatine phosphate, yemwe sachedwa kutha, kenako shuga wosungidwa wotchedwa glycogen, yemwe umamuphwanya popanda okosijeni. Kuphwanya kotereku kumasiya asidi, ndipo poti palibe magazi omuchotsa, asidiyo amangochuluka mpaka ntchito yonse kuima. ATP akamachepa mtembo umayamba kuuma.

Malinga ngati nkhokweyo sinatheretu, mukaugunda ndi magetsi mnofu umayankha. Poyamba umayankha mwamphamvu, kukokanako n'kufalikira kutali ndi pamene mwagunda. Maola akamapita kuyankhako kumafooka, komanso kumabwerera m'mbuyo, kumafupikira pamene pali singano, mpaka kungotsala kakunjenjemera pansonga penipeni. Kubwerera m'mbuyo kumeneku ndiye wotchi yathu. Mabuku a zachipatala kuyankha kwa ziwalo munthu atafa kale amakutcha supravital.

Nkhaniyi ndi yakale. Luigi Galvani wa ku Bologna ku Italy analemba za miyendo ya achule akufa yomwe inkadumpha ndi magetsi mu 1791. Mwana wa mlongo wake, Giovanni Aldini, anayesa zomwezo ku London mu January 1803 pa mtembo wa George Forster, yemwe anali atangonyongedwa kumene kundende ya Newgate: nsagwada zinanjenjemera, diso limodzi n'kutseguka. Zimenezo zinali ngati chionetsero chabe. Kuti zisanduke muyeso panadutsa zaka zoposa 150. Mu 1960 ofufuza Popwassilew ndi Palm anagawa kuyankha kwa minofu ya kunkhope m'milingo itatu. Mu 1978 ofufuza awiri a ku Dresden ku Germany, onse dzina lawo Klein, anapanga milingo 6 ya chikope yomwe ikugwirabe ntchito lero. Kenako Claus Henssge, yemwe anadzagwira ntchito ku Essen, ndi Burkhard Madea wa ku Bonn anakhazikitsa mphamvu ya magetsi ndi malo obaya singano kuti aliyense aziyeza mofanana, n'kulumikiza njirayi ndi njira zina.

Zonyamula

Chofunika kwambiri ndi kachipangizo ka batire kopangidwira ntchito imeneyi, kokwana m'chikwama cha m'manja. Kamatulutsa magetsi a 30 mA (mA ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi odutsa), osasintha, modukizadukiza: kugunda kulikonse kumatenga mamilisekondi 10 (gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi), ndipo kamagunda ka 50 pa sekondi imodzi. Kali ndi mawaya awiri, lililonse ndi singano yake. Mawu akuti "osasintha" musawadumphe. Khungu ndi minofu ya mtembo zimasinthasintha mmene zimalolera magetsi kudutsa, ndiye kachipangizo kabwino kamadzikonza kokha kuti odutsa akhalebe 30 mA, kaya munthu anali wonenepa kaya wowonda. Manambala onse amene mukumane nawo m'munsimu amayendera magetsi amenewa. Mukalumikiza mawaya ku batire ya galimoto kapena kupanga kanu kapakhomo, chikope chikhoza kugwedera ndithu, koma simudzakhala ndi choyerekezera, ndipo loya wochenjera adzakuvulani pagulu. Za magetsi a pakhoma ndiye tisanene n'komwe.

Onjezerani themomita yokhala ndi kachitsulo katali, kahamala kopimira mawondo, magolovesi, tochi, wotchi yolondola, kamera ndi pepala lolembapo.

Choyamba: tsimikizani imfa, lembani nthawi

Magetsi si choyezera ngati munthu wafa. Wamoyo amayankha, wakufa kumene amayankhanso. Munthu wozizidwa kwambiri kapena womwa mankhwala ochuluka amatha kuoneka ngati wapita ali moyo. Ngati pali chikayiko chilichonse, kachipangizo kabwerere m'chikwama, muyambe kumutsitsimutsa.

Imfa ikatsimikizika, yang'anani wotchi. Chilichonse chimene muyeze lembani ndi ola ndi mphindi yake, chifukwa maola mudzawerenga chobwerera kuchokera pa nthawi imene munayeza, osati imene munafika.

Chachiwiri: kutentha kaye

Musanatembenuze mtembo, musanatsegule mawindo, yezani kutentha kwa malowo pafupi ndi thupi, pa msinkhu umene lagona. Kenako yezani kutentha kwa m'kati mwa thupi, kudzera kotulukira chimbudzi, kachitsulo kalowe masentimita osachepera 8. Ngati pali chikayiko chakuti malemu anagwiriridwa, tengani kaye zoyeza za kumeneko musanalowetse themomita. Lembani kulemera kwa thupi, zovala, zofunda, ngati panali mphepo kapena madzi, komanso ngati wagona pa simenti kapena pa matiresi.

Manambala amenewa amalowa pa tchati cha Henssge, chomwe amachitcha nomogram. Tchaticho chimatenga kuti munthu pomwalira anali ndi kutentha kwa madigiri 37.2, ndipo chilipo chamitundu iwiri, china cha malo osapitirira madigiri 23, china cha malo otentha kuposa pamenepo. Zinthu zikayenda bwino kwambiri chimapereka nthawi yokhala ndi mpata wa maola 2.8 kutsogolo ndi 2.8 kumbuyo. Ndiye kuti ngakhale pa tsiku labwino mpata wonse ndi maola oposa 5 ndi theka. M'maola 5 ndi theka munthu akhoza kuchoka ku Lilongwe pabasi n'kukafika ku Blantyre. Mpata umenewu ndi umene magetsi abwera kudzaudula.

Chachitatu: yang'anani nkhope musanaibaye

Singano ikalowa sibwerera. Jambulani nkhope ili chikhalire. Tembenuzani zikope zonse, zam'mwamba ndi zam'munsi, muunike ndi tochi kufuna timadontho tofiira tating'ono ngati nsonga ya singano, tomwe timaoneka kawirikawiri pa munthu wopotoledwa kapena wokanyangidwa pakhosi. Mukationa mutabaya kale, wina adzanena kuti munatipanga ndinu. Ngati ofufuza akufuna kutenga malovu kapena zotsalira za manja a munthu wina pankhope, atenge tsopano. Onani ngati chikope chatupa, chili ndi magazi oundana, kapena chikulira ngati thovu mukachisindikiza chifukwa cha mpweya wolowa pansi pa khungu. Chikope chotere chimanama, ndipo tibwererako.

Pali china chimene mabuku satchula kawirikawiri. Achibale asakhalepo. Mayi woferedwa akaona chikope cha mwana wake chikuphethira, ngakhale mufotokoze motani za ATP, chimene adzanyamule moyo wake wonse n'chakuti mwana anali moyo ndipo anthu anangomuyang'ana. Lankhulani ndi mwinimbumba kapena wamkulu amene alipo, mumuuze mwaulemu kuti mukufuna kupima thupi kuti mudziwe nthawi, ndipo pemphani kuti anthu ayambe apita panja. Wapolisi amene atsale naye muuzireni zimene aone.

Chachinayi: bayani

Mtembo ugone chagada, maso otseka. Mnofu umene mukuufuna ndi wozungulira diso, orbicularis oculi. Singano zonse ziwiri zilowe m'chikope cham'mwamba, mbali ya kumphuno. Zitalikirane mamilimita 15 mpaka 20, pafupifupi kukula kwa chala, ndipo zilowe mamilimita 5 mpaka 7. Chikope n'chopyapyala, choncho lowetsani chopendeketsa, motsata khungu, osaloza diso. Mawaya asalendewere n'kumakoka singano, apo ayi mudzaona kugwedera kwa waya n'kumati ndi mnofu.

N'chifukwa chiyani chikope? Mnofu wake uli pansi pa khungu penipeni, popanda mafuta ochuluka ouphimba, ndiye ngakhale kakunjenjemera kochepa kamaoneka. Komanso walumikizana ndi minofu ya pamphumi ndi patsaya, moti mukhoza kuona ndi maso pamene kukokana kwafika ndi pamene kwalekera.

Chachisanu: yatsani, maso pankhope

Chotsani manja pa singano. Imani poti mukuona theka lonse la nkhope, tochi iwale chammbali kuti makwinya aoneke. Ndi bwino wina ajambule kanema pa nthawi imeneyi. Yatsani kanthawi kochepa, muzimitse. Kuyankha koyamba ndi kumene kumawerengedwa, chifukwa mnofu wa mtembo sukhala ndi pobwezera mphamvu: mukaugunda kachiwiri ndi kachitatu umatopa, n'kukupatsani mlingo wotsika kuposa weniweni.

Funso ndi limodzi: kukokana kwafika pati? Tebulo la milingo yake ndi ili, pamodzi ndi maola chimwalirire amene mlingo uliwonse umapezeka.

Mlingo VI: zikope zonse ziwiri za disolo, mphumi ndi tsaya, zonse zakokana. Ola 1 mpaka maola 6.

Mlingo V: zikope ziwiri ndi mphumi, tsaya lili chete. Maola 2 mpaka 7.

Mlingo IV: chikope cham'mwamba ndi cham'munsi basi. Maola 3 mpaka 8.

Mlingo III: chikope cham'mwamba chonse, cham'munsi ayi. Maola 3 ndi theka mpaka 13.

Mlingo II: mbali chabe ya chikope cham'mwamba, kuyambira gawo limodzi mpaka magawo awiri mwa atatu. Maola 5 mpaka 16.

Mlingo I: kakunjenjemera pozungulira singano pokha. Maola 5 mpaka 22.

Mlingo VI susowa kuuona. Theka la nkhope limakwinyika ngati la munthu amene walowedwa utsi m'diso, ndipo amene akuona koyamba amabwerera m'mbuyo. Ovuta ndi II ndi I. Apa muyenera kuwerama, kupenyetsetsa khungu lapakati pa singano, nthawi zina chimene muone ndi nsidze ziwiri zitatu zikugwedera. Mukakayika pakati pa milingo iwiri, lembani zimene maso anu aona m'mawu, ndipo powerenga tengani mlingo wotsika, womwe umapereka mpata waukulu. Kulakwitsa motambasula kuli bwino kusiyana ndi kulakwitsa mopanikiza.

Bwerezani pa diso linalo. Maso awiri a munthu mmodzi sayankha mofanana nthawi zonse, choncho lembani onse.

Chachisanu ndi chimodzi: "inde" ndi "ayi" sanena zofanana

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye tiyende pang'onopang'ono.

Mwafika pakhomo, eni ake palibe, mwalowa m'khitchini n'kugwira phulusa la pamafuwa. Likakhala lotentha, makala akuyakabe m'kati, mukudziwa kuti anaphika posachedwa, sipanadutse nthawi yaitali. Likakhala lozizira, chimene mwadziwa n'chochepa: padutsako kanthawi. Mwina anaphika m'mawa ndi mapesi omwe sasunga moto, mwina anachoka sabata yatha. Phulusa lotentha limakuuzani malire a kumtunda. Lozizira limakuuzani malire a kumunsi okha.

Chikope chimalankhula chimodzimodzi. Mlingo uliwonse uli ndi manambala awiri. Mukauona mlingowo, tengani nambala yaikulu: imfa sinapitirire maola amenewo. Mukapanda kuuona, tengani nambala yaing'ono: padutsa maola osachepera amenewo. Mwachitsanzo, chikope cham'mwamba chonse chakokana koma cham'munsi ayi. Mlingo III ulipo, ndiye sipanadutse maola oposa 13. Mlingo IV palibe, ndiye padutsa maola osachepera 3. Yankho: pakati pa maola 3 ndi 13.

Tsopano chikope chimene sichinagwedere n'komwe. Mtima umathamangira kunena kuti poti mlingo I umafika maola 22, ndiye kuti munthuyu watha maola oposa 22. Ayi. Pali mitembo imene kuyankha konse kumatha patangodutsa maola 5, ina imafika nako maola 22. Chikope chachete chikungonena kuti padutsa maola osachepera 5, basi. Dokotala amene angalembe "maola oposa 22" pa chifukwa chimenechi akhoza kumasula wakupha, kapena kumangitsa munthu amene anangocheza ndi malemu dzulo lake.

Kumbukiraninso kuti malire amenewa anawerengedwa kuti akwane anthu 95 mwa 100 alionse. Mmodzi mwa 20 akhoza kugwera kunja.

Chachisanu ndi chiwiri: pakamwa, dzanja ndi katumba

Sunthani singano, muzibaye mbali zonse ziwiri za pakamwa, pafupifupi mamilimita 10 kuchoka pangodya ya milomo. Milomo ikakokana, sipanadutse maola oposa 11. Ikakhala chete, padutsa osachepera 3. Kuyeza uku kumathandiza makamaka chikope chikapereka mlingo III, II kapena I, chifukwa kumatsitsa malire kuchoka pa 13, 16 kapena 22 kufika pa 11.

Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu cha kudzanja umayankhanso kwa maola angapo. Madea anaugwiritsa ntchito pofuna kuchotsa kudalira maso a munthu: analumikiza kachipangizo koyeza mphamvu ya kukokana ndi nthawi imene mnofu umatenga kuti umasuke, popeza mnofu ukamazilala umachedwa kumasuka. Zimenezo n'za m'chipinda chofufuzira, pamalo a ngozi anthu amadalirabe chikope.

Pali kuyeza kwina kosafuna batire. Menyani ndi kahamala pantchafu, masentimita pafupifupi 10 pamwamba pa bondo. Kafupa kozungulira ka pabondo kakakwera, munthuyo wamwalira posachedwa kwambiri, m'maola osakwana 3. Chizindikiro chimenechi chimadziwika ndi dzina la Zsako, dokotala amene anachifotokoza. Kenako menyani mwamphamvu katumba wa pamkono ndi kumbuyo kwa mpeni kapena kachitsulo kosathwa, mopingasa. Pakatukuka kamzere ngati kachingwe pansi pa khungu, komveka ndi chala ngakhale kosaoneka, sipanadutse maola oposa 13. Pakapanda kutukuka, padutsa osachepera ola limodzi ndi theka. Lembani pamene mwamenya, chifukwa pakhoza kutsala chizindikiro chofanana ndi bala.

Kale ankathiranso kapena kubaya mankhwala m'diso kuti aone ngati mwanadiso akula kapena kuchepa. Kafukufuku wa ku Hamburg wa mu 2018 anapeza kuti njira imeneyo siyodalirika, n'kulangiza kuti isamagwiritsidwe ntchito pa milandu. Ine ndingati isiyeni.

Chachisanu ndi chitatu: phatikizani

Lembani mizere iwiri papepala. Kumanzere malire onse a "osachepera," kumanja onse a "osapitirira." Kumanzere tengani nambala yaikulu kwambiri, kumanja yaing'ono kwambiri. Chotsala pakatipo ndiye yankho lanu.

Tiyerekeze. Mwayeza 6 koloko m'mawa. Tchati cha kutentha chapereka maola 7.5, ndi mpata wa 2.8 mbali zonse, kutanthauza pakati pa maola 4.7 ndi 10.3. Pa wotchi ndiye kuti kuyambira cha m'ma 7:40 madzulo mpaka cha m'ma 1:20 usiku. Munthu wathu wa mpira uja theka lake ali m'kati, theka ali kunja. Tsopano magetsi: zikope zonse ziwiri zakokana, mphumi ili chete. Mlingo IV ulipo, osapitirira maola 8. Mlingo V palibe, osachepera 2. Milomo yayankha, osapitirira 11. Katumba watukuka, osapitirira 13. Kumanzere muli ndi 4.7 ndi 2, mutenga 4.7. Kumanja muli ndi 10.3, 8, 11 ndi 13, mutenga 8. Yankho lasanduka maola 4.7 mpaka 8, kutanthauza pakati pa 10 koloko usiku ndi cha m'ma 1:20. Chikope chadula maola oposa awiri, ndipo maola odulidwawo ndi omwe aja munthuyu anali pagulu. Umboni wa anzake khumi sukumutchinjirizanso. Izi sizikunena kuti anapha ndi iye. Zikungonena kuti apolisi afunse kumene anali itadutsa 10 koloko.

Henssge ndi anzake anasindikiza mu 2000 zotsatira za milandu 72 yotsatizana imene anayeza pamalo pomwepo. Pa milandu 49 njira zowonjezerazi zinapanikiza malire amene kutentha kokha kunapereka. Pa mlandu umodzi malire anaphonya: mabuku ankati mtembo wouma ukaumanso mutaupinda ndiye kuti sipanadutse maola 8, koma apolisi anapeza kuti panadutsa maola 9.4. Ofufuza a ku Hamburg anadzaona pambuyo pake kuti kuumanso kumeneku kumatheka mpaka cha m'ma maola 20, choncho chizindikiro chimenecho musachidalire ngati kale.

Mizere iwiri ija ikawombana, mwachitsanzo kutentha kukuti osachepera maola 12 pamene chikope chikuti osapitirira 7, musagawe pakati. Chilipo chimene simunachione. Mwina mtembo unasunthidwa kuchoka pamalo ozizira, mwina unali m'madzi, mwina munthuyo anazizidwa asanamwalire. Kuwombana kumeneko nthawi zina ndiye umboni waukulu kuposa manambala.

Zimene zimasokoneza wotchi

Kuzizira kumachedwetsa kudyeka kwa nkhokwe ya mnofu. Munthu wofa ndi chisanu, kapena mtembo wokhala m'madzi ozizira, umayankha nthawi yaitali kuposa ya patebulo. Chikope chokhala ndi magazi oundana kapena mpweya pansi pa khungu nachonso chimayankha mochedwa kuleka, nthawi zina kudutsa maola 22 aja. Pa nkhope yomenyedwa yezani diso labwinolo, ndipo onse akakhala otupa nenani m'lipoti kuti malire a kumtunda sangadaliridwe. Mbali inayi, munthu amene wadwala nthawi yaitali, wowonda, amene watenga masiku akulimbana ndi imfa, amafa nkhokwe ili kale yopanda kanthu, ndipo minofu yake imakhala chete msanga. Tebuloli limagwira bwino pa imfa yadzidzidzi ya munthu amene anali ndi mphamvu zake, ndipo pa milandu yakupha ambiri amakhala otero.

Kutentha kumafulumizitsa zonse, ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno. Manambala a Klein anachokera ku mitembo ya ku Ulaya. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mwezi wa October kapena November kunja kumatha kufika madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata kumaposa. Mtembo suzizira pamalo otere, ndiye tchati cha kutentha chilibe chogwira. Chimodzimodzi munthu womwalira thupi litatentha ndi malungo sanayambire pa 37.2. Kuona magazi odikha kumunsi kwa thupi, komwe mabuku a ku Ulaya amakudalira, n'kovuta pa khungu lakuda. Zonsezi zikuchititsa kuti kuyeza minofu kukhale kofunika kwambiri, koma mosamala. Kumalo otentha "inde" ndi wodalirika, chifukwa kutentha sikutalikitsa moyo wa mnofu: chikope chikayankha mlingo IV, malire a maola 8 aimabe. Wokayikitsa ndi "ayi," poti mnofu ukhoza kukhala chete msanga kuposa mmene tebulo likunenera.

Mdani wamkulu wa njirayi ndi kuchedwa. Milingo yothandiza kwambiri, VI, V ndi IV, imatha m'maola 8 oyambirira. Mtembo ukakwezedwa pagalimoto, n'kulowa mufiriji ya kumochale, n'kudzapimidwa mawa kapena mkuja, kutentha kwasokonezeka, minofu yatha. Ukabayidwa mankhwala oumitsa ndiye basi. Ku Germany dokotala wa zamilandu amaitanidwa kupita kumene mtembo wapezeka ngakhale usiku, ndipo njira yonseyi inamangidwa pa chizolowezi chimenecho. Kachipangizo kokhala m'kabati ya kuchipatala, kutali ndi mtembo, sikayeza kanthu.

Kulemba lipoti

Lembani mtundu wa kachipangizo ndi magetsi ake, nthawi ya kuyeza kulikonse, diso liti, mlingo uti, ndi zimene munaona m'mawu anuanu, monga "chikope cham'mwamba ndi cham'munsi cha diso lamanja zinakokana, mphumi ndi tsaya ayi." Tchulani zosokoneza zonse zimene munapeza, ngakhale zimene mwaganiza kuti sizinasinthe kanthu. Jambulani ndi kulemba timabowo ta singano pachikope ndi pambali pa milomo, kuti amene adzatsegule thupi mawa asadzatitenge ngati zochita za wakupha.

Chiganizo chomaliza chikhale cha malire, ndi mlingo wa chikhulupiriro chanu: "Potengera kutentha kwa thupi ndi kuyankha kwa minofu ya chikope, imfa inachitika pakati pa 10 koloko usiku ndi 1:20 usiku womwewo, pa mwayi wa 95 mwa 100." Kukhoti loya adzaimirira n'kufunsa kuti, "Adokotala, ndiye mukulumbira kuti malemu sanamwalire 9 koloko?" Yankhani kuti mwa mitembo 100 yoyankha chonchi pafupifupi 95 imagwera m'malire amenewa, kuti 9 koloko ili kunja kwake ndi ola limodzi, ndipo kuti simunapeze kuzizira kapena kutupa kwa chikope komwe kukanatalikitsa kuyankhako. Akafunsanso, bwerezani zomwezo.